Kodi filimu ya nkhondo ingathandize msilikali amene nkhondo sinamuthere mumtima?

Funso: Amuna anga anabwerako kunkhondo zaka zitatu zapitazo. Thupi lili bwinobwino, koma munthu si yemwe uja. Amabwebweta usiku, chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka koopsa, sachedwa kupsa mtima, ndipo mowa wawonjezeka. Za kumene anali sananenepo n'kamodzi komwe. Ine ndimakonda mafilimu, koma a nkhondo amene ndaonapo ndi ongoomberana basi. Kodi alipo ena osatchuka amene amaonetsa zoona za munthu wobwerako kunkhondo? Nanga titaonera limodzi, sangamasuke n'kuyamba kulankhula?

Yankho: Mayi, mwafunsa mafunso awiri, ndipo ndiyamba ndi lachiwirilo chifukwa ndi limene lingapweteketse munthu. Musawakhazike amuna anu pa filimu ya nkhondo n'cholinga choti amasuke. Mafilimu amene nditchule pano ndi a inuyo poyamba, muonere nokha kuti mumvetse zimene zikuchitika m'nyumba mwanu.

Chifukwa chake n'chakuti thupi la munthu amene anapulumuka zoopsa silisiyanitsa bwino kale ndi tsopano. Lili ngati mlonda amene sanauzidwe kuti kunja kwacha. Kulira kwa helikoputa pa kanema, kwa inu n'phokoso chabe, koma kwa iwo kungathamangitse mtima, kutulutsa thukuta, n'kuwabwezera pamalo penipeni pamene mnzawo anafera. N'zoona kuti aphungu amachiritsa vutoli pomubwezera munthu ku zimene akuzithawa, koma amachita zimenezi pang'onopang'ono, mwiniwake atavomera, ndipo amaima akaona kuti zamukulira. Filimu siima kuti ione nkhope ya woonera. Zikawavuta pakati pa filimu, phunziro limene angatolepo n'lakuti kukumbukira n'koopsadi, ndipo adzatseka pakamwa kuposa kale.

Tsopano za mafilimuwo. Mwanena zoona kuti ambiri ndi ongoomberana. Vuto lawo n'lakuti amathera pamene mfuti zasiya kulira, pomwe nkhani ya banja lanu inayambira pamenepo. Ngakhale First Blood ya 1982, filimu yoyamba ya Rambo, inali ndi kachoonadi kumapeto kwake, pamene msilikali uja akugwa pansi n'kuyamba kulira pofotokoza za mnzake amene anaphulitsidwa ndi bomba ku Vietnam. Mafilimu otsatira anataya zimenezo n'kusunga minofu ndi zipolopolo. Anasiyanso maganizo oipa m'mitu ya anthu, akuti msilikali wovutika maganizo ndi munthu woopsa. Ambiri sachita chiwawa. Amangodzipatula, kusowa tulo, ndi kuvutika mwakachetechete.

Yambani ndi Let There Be Light. Siikwana ola limodzi, ndi yakale, yopanda mitundu, ndipo imapezeka mwaulere pa intaneti. John Huston anaijambula nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, pa chipatala cha asilikali cha Mason General ku Long Island, New York, atatumidwa ndi akuluakulu a asilikali a America. Mulibe ochita sewero. Ndi asilikali enieni okwana pafupifupi 75, ena akunjenjemera, wina akuchita chibwibwi chimene analibe asanapite kunkhondo, wina sangathe kuyenda ngakhale miyendo yake ilibe vuto lililonse, wina waiwala ngakhale dzina lake. Filimuyi inatha mu 1946, koma eniake amene anaituma anakana kuti ionetsedwe kwa anthu mpaka mu 1980. Iwo ankati akuteteza chinsinsi cha odwalawo. Huston ankakhulupirira kuti chimene ankateteza ndi chithunzi cha msilikali wosagwedezeka. Chaka chomwecho cha 1980 ndi chimenenso madokotala a matenda a maganizo ku America analemba PTSD, vuto la maganizo limene limatsalira munthu akapulumuka zoopsa, m'buku lawo la matenda, pambuyo poti asilikali obwerako ku Vietnam alimbikira kwa zaka zambiri kuti avomerezedwe kuti akudwaladi.

Muone maso a anyamata amenewo pamene dokotala akuwafunsa mafunso. Ambiri akuyang'ana pansi, akuchita manyazi, ngati alakwa. Manyazi amenewo ndi gawo lalikulu la zimene zimatseka pakamwa amuna anu. Koma filimu yomweyi ili ndi bodza limene ndikufuna mulizindikire. Wosayenda uja amubaya jakisoni wa mankhwala ogonetsa otchedwa sodium amytal, dokotala alankhula naye mphindi zochepa, ndipo akuimirira n'kuyenda. Wachibwibwi uja nayenso mawu akumasuka nthawi yomweyo. Zimenezi zinachitikadi pamaso pa kamera, koma kamerayo sinawatsatire anthuwa atapita kwawo. Kuchoka kwa chizindikiro chimodzi si kuchira. Mafilimu ambiri mpaka lero amagulitsa bodza lomweli: munthu alira kamodzi mwamphamvu, aulula chinsinsi, basi wachira. Pa ntchito ya uphungu sizitero. Munthu amafotokoza nkhani imodzimodziyo kambirimbiri, masabata akumapita, mpaka thupi litakhulupirira kuti zinatha.

Filimu imene inawatsatira kwawo ndi The Best Years of Our Lives, ya 1946 yomweyo, yokonzedwa ndi William Wyler. Pa nthawi yake inatchuka kwambiri n'kulandira mphoto zambiri za Oscar, koma lero ndi ochepa amene amaitchula akamakamba za mafilimu a nkhondo, mwina chifukwa mulibe kumenyana. Wyler ankadziwa zimene ankanena, pakuti iye mwini anabwerako kunkhondo makutu atawonongeka ndi phokoso la ndege zankhondo zimene ankajambuliramo. Nkhani yake ndi ya amuna atatu obwerera m'tauni imodzi. Al ndi bambo wapabanja amene akupeza ana ake atakula iye kulibe, ndipo akuthawira ku mowa. Fred ankaponya mabomba kuchokera mu ndege, ali ndi mendulo, koma ntchito yabwino sakuipeza. Homer anaduka manja onse awiri. Amene anasewera gawo la Homer, Harold Russell, sanali katswiri wa zisudzo. Anali msilikali amene manja ake anadukadi mu 1944 bomba litamuphulikira pa maphunziro, ndipo analandira mphoto ziwiri za Oscar chifukwa cha gawo limodzi lomwelo.

Pali malo awiri m'filimuyi amene ndikufuna muwaone kawiri. Poyamba, Fred akulota ndege ya mnzake ikuyaka, akukuwa kutulo. Peggy, mwana wamkazi wa Al, akulowa, akumulankhula modekha, akumupukuta thukuta, mpaka wagonanso. M'mawa sakumufunsa kanthu za usikuwo, ndipo pambuyo pake Fred akumuthokoza chifukwa cha kusafunsako. Mkazi wake wa Fred amachita zosiyana: amamuuza kuti angoziiwala zinthuzo, nkhondo inatha. Malo achiwiri ndi pamene Homer, amene wakhala akumukankhira kutali chibwenzi chake Wilma, akumuitanira kuchipinda kuti aone mmene amavulira zitsulo zimene zili m'malo mwa manja akamagona, n'kumuuza kuti zikachoka, chitseko chitatsekeka sangathe n'kutsegula komwe. Wilma sakuthawa, sakuliranso momumvera chisoni. Akumuthandiza kumanga mabatani a malaya ogonera. Onani kuti ndi Homer amene anasankha nthawi yoonetsa bala lake. Palibe amene anamukakamiza. Pamenepa ndi pamene pagona yankho la funso lanu lachiwiri.

Koma musamve ngati ndikunena kuti kukhala chete ndiye mankhwala. Filimu ya Regeneration ya 1997, yochokera m'buku la Pat Barker, ikuonetsa mbali inayo. Nkhani yake ikuchitikira pa chipatala cha Craiglockhart ku Edinburgh mu 1917, kumene dokotala W. H. R. Rivers ankasamalira akuluakulu a asilikali osokonezeka maganizo pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Pakati pa odwala a pachipatalapo panali alakatuli Siegfried Sassoon ndi Wilfred Owen. Nthawi imeneyo madokotala ena, monga Lewis Yealland ku London, ankagwiritsa ntchito magetsi pa msilikali amene wasiya kulankhula mpaka atulutse mawu chifukwa cha ululu. Dziko la Britain linapha asilikali ake 306 pa milandu monga mantha ndi kuthawa nkhondo, ndipo linawakhululukira mu 2006, onse atafa kalekale.

Rivers anaona chinthu chimene chidakali maziko a chithandizo mpaka lero. Odwala ake anali atalangizidwa ndi aliyense kuti asamaganize za nkhondo. Masana ankayesetsadi kuzikankha, koma usiku zinkabwera ndi mphamvu zowirikiza m'maloto. Iye anayamba kuwalimbikitsa kuti aziyang'ane masana, ali ndi munthu pambali. Analemba za msilikali wina amene anapeza thupi la mnzake litanyenyeka ndi bomba, ndipo ankamulota usiku uliwonse. Rivers anamuthandiza kuona kuti kunyenyeka komweko ndi umboni woti mnzakeyo anafa nthawi yomweyo, osamva ululu. Munthuyo anayamba kupeza bwino. Rivers sanabisenso kuti panali wina amene zimene anakumana nazo zinali zonyansa kwambiri moti sanapeze poti n'kugwira. Filimuyi imandikhudza pa chifukwa chinanso: Rivers ankachiritsa anthu kuti abwerere kumene anavulalira. Owen anabwereradi, ndipo anaphedwa pa 4 Novembala 1918, kutatsala sabata imodzi kuti nkhondo ithe.

Si mantha okha amene amavulaza msilikali. Jonathan Shay, dokotala amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi asilikali a ku Vietnam mumzinda wa Boston, analemba m'buku lake la 1994, Achilles in Vietnam, kuti bala lovuta kupola ndi la kuperekedwa ndi atsogoleri amene munthu ankawadalira moyo wake. Akatswiri ena anadzawonjezera kuti bala lomweli limabweranso chifukwa cha zimene munthu anachita yekha, kapena zimene anangoonerera osaletsa. Filimu imene ikuonetsa bwino kuperekedwa kumeneku, ndipo ndi imene ndimaona kuti yanyalanyazidwa kuposa onse, ndi Camp de Thiaroye ya 1988, yokonzedwa ndi Ousmane Sembène ndi Thierno Faty Sow a ku Senegal. Ikufotokoza zimene zinachitikadi pa 1 Disembala 1944 pafupi ndi Dakar. Asilikali a ku West Africa amene anamenyera nkhondo dziko la France, ambiri atakhalapo akaidi a Ajeremani, anafunsa malipiro awo amene anali asanapatsidwe. Asilikali a France anawaombera. Akuluakulu a asilikali analemba kuti anafa anthu 35, koma akatswiri a mbiri yakale amanena kuti anali ochuluka kwambiri, mwina mazana. Filimuyi inalandira mphoto ku Venice, koma ku France inatha zaka pafupifupi khumi osaonetsedwa. Mu Novembala 2024 ndi pamene Pulezidenti Emmanuel Macron anavomera kuti kumeneku kunali kupha anthu mwachisawawa.

M'filimuyi muli msilikali wotchedwa Pays, amene anachokera kundende ya Buchenwald atasiya kulankhula. Amayenda atavala chisoti cha msilikali wa Chijeremani, amagwira waya waminga wozungulira msasa n'kumauyang'anitsitsa. Anzake amamukonda, koma amamutenga ngati wamisala. Usiku womaliza ndi iye yekha amene ali maso pansanja, ndi iye amene akuona akasinja akubwera, akuthamanga kukadzutsa anzake, koma iwo sakumukhulupirira. Ndimafuna mabanja aone Pays chifukwa amasintha mmene timaonera kudzidzimuka kuja. Kukhala tcheru nthawi zonse, kukhala moyang'ana kukhomo, kugona tulo topepuka, si misala. Ndi luso limene linawasunga amoyo kumene anali. Vuto n'lakuti lusolo silinazime pamene anafika pakhomo.

Waltz with Bashir ya 2008 ndi yojambula pamanja, koma si ya ana. Ari Folman wa ku Israel anali msilikali wa zaka 19 pa nkhondo ya ku Lebanon mu 1982, ndipo anadzazindikira patapita zaka zoposa makumi awiri kuti sakukumbukira chilichonse cha masiku amene anthu anaphedwa ku Sabra ndi Shatila, misasa ya othawa kwawo a ku Palestine mumzinda wa Beirut. Filimuyi ikuyamba ndi mnzake amene amalota agalu 26 akumuthamangitsa, omwe ndi agalu amene anawaombera kuti asauwe asilikali akamalowa m'midzi usiku. Folman akuyendera anzake mmodzimmodzi mpaka akukumbukira kuti anali m'gulu loponya zounikira m'mwamba usiku umene zigawenga za gulu la ku Lebanon la Phalange zinkapha anthu m'misasamo. Ikuphunzitsa kuti munthu akati sakukumbukira, nthawi zina akunena zoona. Dziwani kuti imathera ndi zithunzi zenizeni za mitembo.

Ngati mungakwanitse imodzi yokha, ikhale Leave No Trace ya 2018, yokonzedwa ndi Debra Granik. Mulibe mfuti, mulibe ngakhale chithunzi chimodzi cha nkhondo. Will, msilikali wakale, akukhala mobisala m'nkhalango ya pafupi ndi Portland ku Oregon ndi mwana wake wamkazi Tom, wa zaka 13. Ndi bambo wachikondi, wofatsa, wophunzitsa mwana wake bwino. Akagwidwa, anthu akuwachitira zabwino: nyumba, ntchito, zovala. Koma Will sangathe kukhala m'makoma anayi, ndipo helikoputa ikamadutsa pamunda wa mitengo pamene akugwira ntchito, akungogwada n'kuzizira thupi. Kumapeto Tom akuzindikira kuti vuto la bambo ake si lake, ndipo akusankha kutsala pakati pa anthu, bambowo n'kupitirira okha. Ndi filimu yowawa, koma ikunena zimene mafilimu ena amaopa kunena: chikondi cha banja n'chofunika, koma pachokha sichichiritsa matendawa, ndipo mkazi ndi ana ali ndi ufulu wokhala ndi moyo wawo. Inuyo si dokotala wa amuna anu. Mukadzisenzetsa udindo umenewo mudzatopa, ndipo kutopako kudzasanduka mkwiyo.

Ena ndingowatchula mwachidule. The Burmese Harp ya 1956, ya Kon Ichikawa, ndi ya msilikali wa ku Japan amene nkhondo itatha akukana kubwerera kwawo, n'kutsala ku Burma atavala ngati mmonke kuti akwirire mitembo ya anzake. Ndi yabwino pomvetsa kudziimba mlandu kwa wopulumuka. Ezra ya 2007, ya Newton Aduaka, imene inapambana mphoto yaikulu pa chikondwerero cha FESPACO ku Ouagadougou, ndi ya mnyamata amene anagwidwa ali mwana n'kumenyetsedwa nkhondo, ndipo tsopano akufunsidwa pamaso pa bungwe lofufuza choonadi. Come and See ya 1985, ya Elem Klimov, yonena za midzi ya ku Belarus imene inatenthedwa pamodzi ndi anthu ake, ndi imodzi mwa mafilimu amphamvu kwambiri amene anajambulidwapo, koma imeneyi musaiike n'komwe pamene amuna anu angaione.

Nanga chimene chimachiritsa n'chiyani? Zimene mwafotokoza, maloto oopsa, kudzidzimuka, kupsa mtima, kupewa nkhaniyo, zitatha zaka zitatu, zikufanana kwambiri ndi PTSD, ngakhale kuti wotsimikiza ndi dokotala amene awaone. Nthawi zambiri imabwera limodzi ndi matenda okhumudwa kwambiri komanso mowa, ndipo ngati anakhalapo pafupi ndi bomba lophulika kapena anamenyetsa mutu, ubongo uyeneranso kuunikidwa. Chithandizo chimene kafukufuku wasonyeza kuti chimagwira ntchito ndi uphungu wolunjika pa zoopsazo. Pali njira ya Edna Foa, imene munthu amafotokoza chochitikacho mobwerezabwereza ndi kuyamba kubwerera pang'onopang'ono kumalo amene amawapewa, monga pagulu la anthu. Pali njira ya Patricia Resick, imene imalimbana ndi maganizo omata monga akuti "ndikanachita changu mnzanga sakanafa" kapena "palibe munthu wodalirika". Palinso EMDR, imene munthu amakumbukira zoopsazo akuyendetsa maso uku ndi uku motsogozedwa ndi phungu. Zonsezi zimatenga miyezi iwiri mpaka inayi, kukumana kamodzi pa sabata. Kumene akatswiri ndi ochepa kuli njira ya Narrative Exposure Therapy, imene Maggie Schauer, Frank Neuner ndi Thomas Elbert anaikonza ndipo inayesedwa ku Uganda pa othawa nkhondo ndi pa achinyamata amene anamenyetsedwa nkhondo ali ana. Munthu amayala chingwe pansi kuimira moyo wake, amaika maluwa pa zabwino ndi miyala pa zoopsa, kenako amafotokoza mbiri yonse motsatana. Aphungu wamba ophunzitsidwa bwino amatha kuichita.

Ndisakunamizeni: si onse amene amachira kotheratu, ndipo asilikali ambiri amasiyira panjira chifukwa masabata oyamba amawawa. Komabe ochuluka amapeza kusintha kooneka, tulo timabwerera, mkwiyo umatsika. Mankhwala monga sertraline amathandiza ena. Mapiritsi ogonetsa a mtundu wa diazepam sachiritsa vutoli, amazolowereka, ndipo ndi oopsa akasakanikirana ndi mowa.

Pakhomo pali zimene mungachite kuyambira lero. Akamabwebweta usiku musawagwedeze kapena kuwagwira modzidzimutsa. Yatsani nyali, muime chapatali pang'ono, muwaitane dzina modekha, muwauze kumene ali. Musawafunse ngati anaphapo munthu. Nthawi imene ali bwino, asanamwe, auzeni zimene mukuona, osati zimene mukuwaganizira: kuti sakugona, kuti ana ayamba kuwaopa, kuti mukufuna muperekezane kwa dokotala chifukwa cha tulo. Amuna ambiri amavomera kukaonetsa vuto la tulo kusiyana ndi vuto la maganizo, ndipo khomo lolowera lilibe kanthu. Nthawi zambiri amamvanso msanga mnzawo amene anali naye kunkhondo kuposa wina aliyense, choncho ngati alipo wodalirika amene analandirapo chithandizo, muloleni ayandikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pali zinthu ziwiri zosadikira. Akayamba kunena zoti bola kufa, kapena kuti inu mungakhale bwino iwo kulibe, afunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, chotsani mfuti ndi mankhwala m'nyumba, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo. Ndipo akakumenyani kapena kuopseza ana, chokani kaye mukakhale pabwino. Matenda amafotokoza chiyambi cha mkwiyo, koma sapatsa munthu chilolezo.

Tsiku lina iwo eni akadzafunsa kuti mukuonera chiyani, n'kufuna kukhala nanu, musawakanize. Sankhani The Best Years of Our Lives kapena Leave No Trace, muwauziretu zimene zilimo, kuphatikizapo maloto a Fred ndi helikoputa ija, rimoti ikhale m'manja mwawo, masana osati usiku, popanda mowa. Akadzuka pakati n'kutuluka, musawatsatire ndi mafunso. Akalankhula za Fred kapena Will m'malo molankhula za iwo eni, asiyeni atero, pakuti ambiri amayambira pa munthu wa m'filimu asanafike pa iwo okha. Ndipo ngati akana kupita kwa dokotala, pitani nokha kaye. Mukafotokoze za mowa ndi za tulo mosabisa, ndipo mukafunse mwachindunji ngati alipo phungu amene anaphunzira imodzi mwa njira zimene ndatchulazi, chifukwa uphungu wongocheza wosakhudza zoopsazo nthawi zambiri sufika pamene pali vuto.